Mafuta a mfuti sakhala pa mzere

Abale anga, Malawi alibe nyanja yamchere. Izi tinaphunzira ku pulayimale. Sitima yathu imene tonse timaidziwa ndi Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira 1951. Koma mu 2025 anthu olondoloza maulendo a sitima, kuphatikizapo nyuzipepala ya Lloyd's List ya ku London, anaulula kuti pa nyanja zikuluzikulu pakuyenda sitima zonyamula mafuta zodzitchula kuti ndi za Malawi. Zina mwa izo zili pa mndandanda wa ziletso zamalonda, zija timangoti masankishoni. Kaundula amene anazipatsa mapepala ndi wabodza. Mayiko ena monga Eswatini, Benin ndi Guyana nawonso anaberedwa dzina mwa njira yomweyi.

Nkhani yotere ikalowa m'minibasi ya ku Bangwe, tisanatsike pa Mvula anthu amakhala atagawikana kale. Ena amangoseka: "Aaa, ndiye kuti nafenso tili ndi masitima eti? Atibweretsereko petuloyo kuno." Ena, makamaka anyamata opita kusukulu, amaombera m'manja, amati azungu anazolowera kulamula dziko lonse, ndiye aliyense wowazemba ndi mnzathu. Osekawo ndilibe nawo mawu ambiri. Mkangano wanga uli ndi inu oombera m'manja, chifukwa mumawerenga, ndipo anthu amakumverani.

Ine ndikuti sitima yoyenda mobisa si mnzake wa munthu wosauka. Ife a kuno kummwera kwa Africa tili ndi zipsera zochitira umboni.

Tiyambe ndi mmene malondawa amayendera. Sitima iliyonse yaikulu imayenera kukhala ndi mbendera ya dziko limene linailemba m'kaundula, nambala yosasintha ya bungwe la IMO loona za sitima pa dziko lonse, inshulansi, komanso kachipangizo kotchedwa AIS kamene kamaulutsa pomwe sitimayo ili. Mbendera si chokongoletsa ayi. Dziko la mbenderayo ndi limene limayendera sitimayo kuona ngati ili bwino, kuona ngati antchito akulipidwa, ndipo ndi limene limafunsidwa zinthu zikasokonekera. Tsono sitima zozemba zimazimitsa AIS kapena kuinamiza kuti izionetsa malo ena. Zimakumana ziwiri pakati pa nyanja n'kupopana mafuta kuti pomwe anachokera pasadziwike. Zimasintha dzina ndi mbendera ngati chitenje. Mwini wake amakhala kampani ya papepala yokhala ndi sitima imodzi yokha, yomwe mawa mupeza inatsekedwa. Zambiri ndi nkhalamba za zaka 15 kapena 20, zina kuposa apo, zoyenera kuphwanyidwa kale.

Ife ogulitsa pamsika zimenezi si zachilendo. Munthu wobwera ndi katundu kukada, wopanda benchi, lero dzina ili mawa lina, mtengo wotsika modabwitsa, sitimufunsa kawiri. Timadziwa kuti katunduyo ali ndi mwini wake amene akulira kwinakwake. Timadziwanso kuti apolisi akafika, amene amamangidwa ndi uja katundu wapezeka pa benchi yake. Mbendera ndiye benchi ya dziko.

Tsopano tibwerere m'mbuyo, pa doko lomweli la Beira pomwe mathanki athu amakatenga mafuta lero. Pa 11 Novembala 1965, Ian Smith analengeza kuti Rhodesia yadzilekanitsa ndi Britain, cholinga chake azungu ochepa apitirize kulamulira anthu akuda. Mu Disembala chaka chomwecho Britain inaletsa kugulitsa mafuta ku Rhodesia, ndipo nduna yaikulu Harold Wilson inalonjeza atsogoleri a Commonwealth ku Lagos kuti Smith agwa m'masabata chabe, osati miyezi. Paipi yochoka pa Beira kupita ku fakitale yoyenga mafuta ya Feruka, pafupi ndi Umtali yomwe lero ndi Mutare, inauma. Pa 5 Epulo 1966 sitima yotchedwa Joanna V inafika pa Beira itasenza mafuta a Smith. Dziko la Greece litaifufuta m'kaundula wake, inangokweza mbendera ya Panama. Mwaona? Chinyengo cha mbendera sichinayambe dzulo. Pa 9 Epulo, United Nations inapereka chigamulo nambala 221, kuloleza Britain kugwiritsa ntchito mphamvu poimitsa sitima zotere. Sitima ina, Manuela, inabwezedwa n'kulowera ku Durban. Kuyambira pamenepo sitima zankhondo za Britain zinalondera gombe la Beira mpaka Juni 1975, Mozambique italandira ufulu.

Zaka zonsezo zolondera khomo lakumaso, mafuta ankalowera kukhomo lakuseri. Ankatsitsidwa pa Lourenço Marques, yomwe lero ndi Maputo, n'kukwera sitima yapamtunda kupita ku Rhodesia. Ena ankadutsa pa Beitbridge kuchokera ku South Africa. Mu 1978 lipoti la Bingham linaulula kuti nthambi za makampani a Shell ndi BP zinali m'kati mwa malondawa, kuti pena zinkasinthana katundu ndi kampani ya Total pofuna kubisa mapazi, komanso kuti akuluakulu ena a boma la Britain ankadziwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anazengedwa mlandu. Smith amene ankati agwa m'masabata uja anakhala zaka 14.

Funso langa kwa inu ndi ili: mafuta amenewo anathira m'chiyani? Rhodesia inalibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Magalimoto a Selous Scouts amene analowa pa msasa wa Nyadzonia ku Mozambique pa 9 Ogasiti 1976 n'kupha anthu oposa 1,000 sanayendere madzi. Ndege ndi mahelikopita amene anaphulitsa Chimoio pa 23 Novembala 1977, kenako Tembwe m'chigawo cha Tete, pakhomo pathu penipeni, sizinaulukire mphepo. N'chimodzimodzinso zija zinaphulitsa Chikumbi pafupi ndi Lusaka ndi msasa wa atsikana ku Mkushi pa 19 Okutobala 1978. Omenyera ufulu ankadziwa bwino pomwe panali mtima wa mdani wawo, n'chifukwa chake mu Disembala 1978 asilikali a ZANLA anayatsa nkhokwe yaikulu ya mafuta mu Salisbury, moto wake n'kuyaka masiku angapo. Mukadakhala ku Highfield kapena ku Mbare nthawi imeneyo, komwe agogo athu ambiri ochoka kuno ankakhala pa ntchito, kodi wozembetsa mafuta mukadamutcha ngwazi?

Nanga amene anakhala pa mzere anali ndani? Anali a ku Zambia. Mafuta awo ankadzera ku Rhodesia, ndipo Smith atatseka njira, petulo anayamba kugawidwa mopimira. Ena anabwera pa ndege m'migolo. Madalaivala anafera mumsewu woipa wochoka ku Dar es Salaam, uja anaupatsa dzina loti Hell Run, mpaka paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 inatsegulidwa mu 1968. Wolakwa anali ndi mafuta, wosalakwa anali ndi chigubu chopanda kanthu.

Ku South Africa ya tsankho kunali chimodzimodzi. Boma la kumeneko linakhazikitsa lamulo loti kuulula komwe mafuta akuchokera ndi mlandu. Mu Disembala 1979 sitima yotchedwa Salem, ya mbendera ya Liberia, inapakira matani oposa 190,000 a mafuta ku Kuwait, mapepala akuti ikupita ku Italy. Panjira inasintha dzina kukhala Lema, inakhotera ku Durban n'kutsitsa mafuta ambiri mwakachetechete, m'matanki n'kudzazamo madzi a m'nyanja. Pa 17 Januwale 1980 inamizidwa dala pafupi ndi Senegal kuti anthu aziti katundu anapita ndi ngozi. Antchito ake anawapeza m'mabwato opulumukira atalongedza masutikesi bwinobwino. Mu 1980 momwemo anthu odana ndi tsankho anatsegula kaofesi ku Amsterdam, Shipping Research Bureau, ntchito yake kungolondoloza sitima zotere imodziimodzi n'kuziulula. Ankadziwa kuti magalimoto ankhondo olowa mu Soweto ndi ndege zophulitsa Angola zimamwa kuchokera m'sitima zimenezo.

Mwina muti zonsezo n'za eni ake, ife sizinatikhudze. Zinatikhudza, abale. Boma la Smith lomwe mafuta obisa analitalikitsira moyo ndi lomwe linalera Renamo, ndipo litagwa, South Africa inapitiriza kulera. Pofika 1984 njanji zathu za ku Beira ndi ku Nacala zinali zitadulidwa. Katundu wa Malawi anayamba kuzungulira mpaka ku Durban, mitengo ya zinthu n'kukwera. Asilikali athu anapita kukalondera njanji ya Nacala, ena anafera komweko. Anthu othawa nkhondo pafupifupi 1 miliyoni anadzaza ku Nsanje, ku Mwanza, ku Ntcheu ndi ku Dedza. Funsani makolo anu, akuuzani.

Lero mayina asintha koma ntchito ndi yomweyo. Mu Novembala 2016, Reuters inaulula kuti sitima za ku Russia zinkanyamula mafuta a ndege kupita ku Syria mozemba ziletso za European Union, zikumazimitsa AIS poyandikira gombe. Nthawi imeneyo n'kuti mzinda wa Aleppo ukuphulitsidwa. Imodzi mwa sitimazo, Yaz, inaikidwa pa ziletso ndi America mu 2019. Ku Myanmar, asilikali analanda boma pa 1 Febuluwale 2021 n'kuyamba kuponya mabomba pa anthu awo omwe. Amnesty International inalondoloza mafuta a ndegezo mu 2022, ndipo ziletso zitabwera inapezanso kuti katundu wayamba kugulitsidwa kangapo panjira n'kudzera ku nkhokwe za ku Vietnam kuti gwero lake lisaoneke. Pa 11 Epulo 2023 ndege zinaphulitsa mudzi wa Pa Zi Gyi, anthu oposa 160 anafa, ana ali momwemo. Ku North Korea, United Nations inalamula mu 2017 kuti dzikolo lisalandire migolo yoposa 500,000 ya mafuta oyengedwa pachaka, ndipo Russia inavomera nawo lamulolo. Mu 2024 zithunzi za m'mlengalenga zinaonetsa sitima za North Korea zikupakira mobwerezabwereza pa doko la Vostochny ku Russia, migolo yoposa 1 miliyoni, chaka chomwe asilikali a North Korea anatumizidwa kukathandiza Russia pa nkhondo yake ndi Ukraine.

Sindikuti sitima iliyonse yodzitcha ya Malawi yanyamula mafuta ankhondo. Zambiri zimanyamula mafuta osayenga kupita nawo ku Asia. Koma ndalama yake imakathera kuti? Ndipo mungasiyanitse bwanji yonyamula a minibasi ndi yonyamula a ndege zankhondo, pomwe cholinga chenicheni chozimitsira AIS ndi kunamizira mbendera n'choti wina aliyense asathe kusiyanitsa? Njira imodzi yomweyo, madobadoba omwewo, mapepala abodza omwewo.

Ndikudziwa chomwe muyankhe, ndipo mbali ina mukunena zoona. Oika masankishoni ali ndi nkhope ziwiri. Lipoti la Bingham lija ndi umboni wokwanira. Amene analowa mu Iraq mu 2003 popanda chilolezo cha United Nations palibe anawaletsa kugula mafuta. Europe italetsa mafuta a ku Russia inapitiriza kugula dizilo woyengedwa ku India, komwe mafuta a ku Russia omwewo ankathera. Ziletso zambiri zimapweteka mayi wogulitsa mandasi kuposa nduna. A SADC anasankha 25 Okutobala kukhala tsiku lodandaula za ziletso za pa Zimbabwe, ndipo Cuba yakhala pa chiletso cha America kwa zaka zoposa 60. Zonsezi sindikukana. Komatu ngati chiletso n'cholakwika, dziko limaimirira masana n'kunena kuti ife sitikugwirizana nacho, tigula, dzina lathu ndi ili, sitima yathu ndi iyi. Kumeneko ndiye kulimba mtima. Kuba dzina la dziko losauka n'kubisalamo si kulimbana ndi atsamunda. Ndi kutiyesa ife zitsiru zomwe sizingadziwe, ndipo zikadziwa sizingachite kanthu. Bwanji sanabe mbendera ya Germany kapena ya China? Fisi amalowa khola lomwe waona kuti mwini wake wagona.

Ndipo kuchita malonda ndi Russia poyera n'kotheka. Mu Malichi 2023 Malawi analandira matani 20,000 a feteleza kuchokera ku kampani ya Uralchem, wobwera mothandizidwa ndi World Food Programme kudzera ku Mozambique, mwambo wake pamaso pa atolankhani. Palibe anazimitsa kachipangizo, palibe anasintha dzina la sitima.

Ena amati tikalowa nawo m'malonda amdimawa tipeza petulo wotchipa. Abale, amene anatiletsa kugula mafuta ndani? Malawi sali pa chiletso cha mafuta. Vuto lathu ndi ndalama zakunja. Timamwa pafupifupi malita 1 miliyoni a petulo patsiku ndi enanso otero a dizilo, onse ogula ndi madola omwe fodya, tiyi ndi shuga sizikukwanitsa kubweretsa. Mizere ya 2011 ndi 2012, ya 2022, ya kumapeto kwa 2024 mpaka mu 2025, yonseyo gwero lake ndi limenelo. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo n'kufika pa K2,530 lita imodzi, ndipo mu Okutobala 2025 anafika pa K3,499. Wozembetsa mafuta naye amafuna dola, sapereka ulere. Pa sitima zonse zija zoyenda ndi dzina lathu, palibe dontho linagwera m'thanki ya kabaza wa ku Namiyango, ndipo palibe tambala inalowa m'thumba la boma.

Ubwino wake ife a kuno tinauona kale msika wamdima, sitifunika kuuzidwa. Mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, m'zigubu amapezeka, pa mtengo wowirikiza. Minibasi imakweza, wonyamula matumba a kabichi ndi tomato kuchoka ku Bvumbwe amakweza, mulu umachepa, kasitomala amakunyoza iwe wa pa benchi ngati ndiwe wakweza dizilo. Mpamba umadyeka ukuona. Amene amalemera pa nthawi yotere ndi uja ali ndi njira yakuseri. Ngati zili choncho pa chigubu cha malita 20, mukuganiza kuti pa sitima ya matani 100,000 malamulo ake ndi ena? Mdima umakomera wamphamvu, kaya ndi pa Bangwe kaya ndi pakati pa nyanja.

Palinso ngozi yomwe oombera m'manja saiwerengera. Pa 1 Meyi 2023 sitima yakale yotchedwa Pablo, ya mbendera ya Gabon, yomwe inkadziwika ndi kunyamula mafuta a ku Iran, inaphulika pafupi ndi Malaysia, antchito atatu n'kusowa. Mwayi wake inali yopanda katundu. Tsiku lina idzaphulika yodzaza, mafuta adzakuta gombe la eni ake, asodzi adzalira, inshulansi idzapezeka kuti ndi yabodza, mwini wake kulibe. Pa zithunzi zimene dziko lonse lidzaone padzakhala dzina lolembedwa kumbuyo kwa sitimayo. Tidzafotokoza kuti anatibera dzina, inde, koma ndani amawerenga tsamba lachiwiri? Dziko lomwe limadalira mabanki akunja kuti lilipire mafuta, mankhwala ndi feteleza silingasewere ndi mbiri yake chonchi. Anansi athu a ku Tanzania anaziona. Mu 2012 sitima za Iran zambirimbiri zinapezeka zitalembetsedwa ku Zanzibar, boma n'kukakamizika kulonjeza kuzifufuta. Mu Januwale 2018 Pulezidenti John Magufuli anaimitsa kulembetsa sitima zakunja, sitima za mbendera ya Tanzania zitagwidwa, ina ndi mankhwala ozunguza bongo, ina ndi zipangizo zopangira mabomba zopita ku Libya. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye tichite chiyani? Choyamba, Malawi ndi membala wa IMO, ndipo tili ndi nthambi yoona za sitima pansi pa unduna wa zamtengatenga. Makalata opita ku London ndi ofunika, koma eni mbendera ndife. Tikufuna timve pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, kuti sitima zolembedwa movomerezeka ndi ziti, zabodza ndi ziti, ndipo mayiko a madoko auzidwa kuti akaziona azigwire. Chachiwiri, aphungu athu afunse m'Nyumba ya Malamulo ngati pali Mmalawi aliyense amene anasainira kapena kudyapo pa kaundula wabodzayo, yankho lake lilembedwe. Chachitatu, kuwala komweko kufike pa mafuta athu. Mukukumbuka kuti mu Ogasiti 2021 bungwe la ACB linamanga nduna yoona za mphamvu pa nkhani ya makontrakiti a mafuta a NOCMA. Kaya nkhaniyo munaiona bwanji, inationetsa kuti pa mafuta pamazungulira ntchentche zambiri. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Tiligwiritse ntchito. Sitima iliyonse yotsitsa mafuta a Malawi pa Beira, pa Nacala kapena ku Tanzania, dzina lake, nambala yake, wogulitsa ndi mtengo wake zizidziwika. Amene akugula zoyera saopa kuonetsa lisiti.

Chachinayi ndi chanu, inu olemba ndi owerenga. Lekani kusokoneza mbava ndi womenyera ufulu chifukwa choti onse awiri akudana ndi mzungu. Smith naye ankatukwana Britain tsiku ndi tsiku, naye ankadzitcha wozunzidwa ndi masankishoni. Musanaombe m'manja, funsani mafunso omwe mayi aliyense wa pamsika amafunsa asanalandire katundu: wachokera kuti, mwini wake ndani, ukupita kwa yani? Wokana kuyankha mafunso atatu amenewa musamupatse benchi, ndipo musamubwereke dzina.

Ife tizidzuka 4 koloko m'mawa kukadikira galimoto yomwe yagona pa mzere, pomwe ndege yokaponya bomba pa mudzi wa anthu osauka ngati ife yamwa kale mpaka kukhuta. Zimenezo zikundiwawa mokwanira. Koma zoti mafuta oterowo, kapena ndalama yake, aziyenda atafunda mbendera yathu, ife n'kumaseka kapena kuombera m'manja, ayi abale, pamenepo ndiye ndakana.